Kulera anapiye: kuwasiyira thadzi, kuwaotetsa makala kapena kugula osinkhuka kale?

Mwanapiye amaswa ali ndi tiubweya tokhatokha. Thupi lake silitha kusunga kutentha mpaka nthenga zenizeni zitamera, pa masabata 4 mpaka 6. Choncho wofuna kuchulukitsa nkhuku pakhomo ayambe wayankha funso ili: m'masabata amenewo adzawafunditsa ndani? Make, mphika wa makala, babu la magetsi, kapena munthu wina amene mudzamulipira pogula anapiye osinkhuka kale? Pali funso lachiwiri limene ambiri amalikumbukira tsiku litafika kale: anapiyewo adzalowa bwanji m'khola momwe muli mathadzi ndi tambala odziwana? Mafunso awiriwa ndi omangana, chifukwa njira imene mwasankha polera ndi imene idzapeputse kapena kulemetsa tsiku losakaniza.

Kusiyira thadzi

Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15, n'kuyamba kukhalira, ndipo pa tsiku la 21 limaswa. Silifuna makala, silidalira magetsi, ndipo usiku simudzukira. Limaphunzitsa ana kupalasa ndi kuthawira pa chitsamba likangolira kuti mphamba yafika. Ubwino wake waukulu ndi wakuti anawo amakulira pamaso pa nkhuku zinzawo, make akuwamenyera nkhondo. Likadzawaleka pa masabata 6 mpaka 8 amakhala odziwika kale pabwalo, moti tsiku losakaniza silikhalapo n'komwe.

Vuto ndi thadzi lomasuka. Limalawira ndi ana m'mame, limawadutsitsa m'maudzu ataliatali, limapita nawo kudzala komwe khwangwala, likongwe ndi amphaka amadikirira. Si zachilendo kuona thadzi loswa ana 10 likuyenda ndi atatu pakutha pa miyezi iwiri. Mankhwala ake ndi kutsekera. Pezani dengu lalikulu lansungwi lovundikira, kapena mangani kakhola ka mita imodzi mbali zonse, kokutidwa ndi waya pamwamba pomwe. Masabata awiri oyamba thadzi ndi ana akhale momwemo tsiku lonse, ndi chakudya ndi madzi. Kuyambira sabata yachitatu thadzi lizituluka lokha masana kukapalasa n'kubwerera kwa ana madzulo, kapena muziwatulutsa onse mame atauma, cha m'ma 9 koloko, n'kuwatsekera dzuwa lisanapendeke. Dengulo muzilisuntha tsiku lililonse kuti anapiye asamajomphe pa zitosi zawo. Usiku lilowe m'nyumba, ndipo nthawi ya mvula mulizungulize ndi phulusa, chifukwa linthumbu likalowa limamaliza anapiye onse kusanache.

Mazira okhalitsa asapose masiku 7 mpaka 10 chiikirireni, akhale oyera okha osachita kutsuka, opanda mng'alu. Alembeni ndi pensulo kuti mudziwe ngati thadzi lina laikira lake pamenepo. Dzira lobwera mochedwa silidzaswa pamodzi ndi anzake. Pa tsiku la 10 aunikeni ndi tochi mumdima: lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, lowala mbee mulichotse lisanaole n'kuphulikira enawo. Musanaike thadzi, tenthani udzu wakale wa m'chisa n'kuthira mankhwala a utitiri, pakuti utitiri ndiwo umathamangitsa mathadzi ambiri pa mazira.

Muli ndi mathadzi awiri kapena atatu? Loyamba kukhalira lipatseni mazira owiritsa kuti lidikire anzake, kenako onse muwaikire mazira enieni tsiku limodzi. Akaswa, anapiye onse muwapereke usiku kwa thadzi limodzi lodziwa kulera ngati lingathe kuwafunditsa onse, enawo abwerere kukaikira. Anapiye a msinkhu umodzi ndi osavuta kudyetsa ndi kutemera.

Kusiyira thadzi mtengo wake ndi mazira. Masabata 3 okhalira ndi ena 8 olera, thadzi silikuikira, n'chifukwa chake nkhuku yachikuda imathera pa mazira 40 mpaka 60 pachaka. Mukalichotsera ana pa masabata 4, limayambanso kuikira pakadutsa masabata awiri kapena atatu. Komanso nkhuku za mitundu ya Mikolongwe, Kuroiler ndi Sasso sizikhalira modalirika. Mazira ake muziika pansi pa thadzi lachikuda, 8 mpaka 10 basi poti ndi aakulu.

Kubisira thadzi anapiye ogula

Iyi ndi njira ya pakati, ndipo kwa munthu wofuna mtundu watsopano koma anapiye ochepa, timaiona yoposa zonse. Mumagula anapiye a tsiku limodzi n'kuwalowetsa pansi pa thadzi limene likukhalira. Zofunika zitatu. Thadzilo likhale litakhalira masabata awiri kapena kuposerapo. Anapiye asapose masiku atatu, chifukwa akakula samvanso kuitana kwa thadzi. Ndipo ntchitoyo ichitike mdima utagwira: chotsani mazira, lowetsani mwanapiye mmodzimmodzi pansi pa mapiko podzera kumbuyo, tochi mutaiphimba ndi dzanja.

Dzukani mbandakucha mukaone. Likamalira motsitsa, timitu tikusuzumira m'nthenga, lawalandira. Likamawajompha pamutu mwaukali, achotseni pomwepo. Silidzasintha maganizo, ndipo likhoza kuwapha onse dzuwa lisanakwere. N'chifukwa chake katoni ndi makala zolerera anapiyewo nokha zikhale pafupi usiku umenewo. Thadzi lachikuda limafunditsa anapiye 12 mpaka 15. Mu June ndi July musapose 10, chifukwa akafika sabata yachitatu ena amagona kunja kwa mapiko. Nkhuku zoyera zanyama musayesere njira imeneyi. Zimakula msanga kuposa mapiko a thadzi ndipo sizitha kuyenda nalo.

Kulera nokha

Anapiye akaposa 20, kapena palibe thadzi lokhalira, make ndinu. Apa ndi pomwe anapiye ambiri angapulumuke, ndiponso pomwe onse angafe usiku umodzi.

Konzani mpanda wozungulira wa makatoni, wotalika masentimita 50. Ukhale wozunguliradi, chifukwa pa ngodya anapiye ozizidwa amaunjikana, apansi n'kubanika. Anapiye 50 amakwana mu mpanda wa mita imodzi ndi theka m'mimba mwake, ndipo muziukulitsa sabata iliyonse. Pansi yalani mankhusu a mpunga, makoko a mtedza ophwanya kapena zopala za matabwa, masentimita 5 mpaka 10. Utuchi wosalala amaudya n'kutsekeka m'mimba, ndipo nyuzipepala yokha imaterera, miyendo n'kutangadza osabwereranso. Yatsani moto maola angapo anapiye asanafike kuti pansi pafunde.

Sabata yoyamba pamafunika madigiri 32 mpaka 35 pa msinkhu wa msana wa mwanapiye, kenako muzitsitsa madigiri atatu sabata iliyonse. Wopanda choyezera kutentha awerenge anapiye omwewo. Akaunjikana pa moto n'kumalira mokuwa, azizidwa. Akathawira m'mbali, milomo yasaa, mapiko atatambasula, kwatentha. Akakhamukira mbali imodzi, pali mphepo yolowa. Akabalalika paliponse, ena akudya, ena atagona makosi atawatambalitsa pa mankhusu, zili bwino, musakhudze kanthu.

Kutenthako kungachokere ku zinthu zitatu, ndipo sizifanana.

Makala amapezeka paliponse. Mphika wadothi wobowola m'mbali umaposa mbaula yachitsulo chifukwa umasunga kutentha nthawi yaitali ndipo suotcha msanga. Yatsirani makala panja mpaka utsi utatheratu, wazani phulusa pang'ono pamwamba kuti azinyeka mosafulumira, khazikani mphikawo pa njerwa n'kuutchinga ndi waya. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anapiye ndi anthu omwe, choncho pamwamba pa chipinda pakhale potulukira mpweya, ndipo munthu asagone m'chipinda chimenecho chitseko chili chitsekere. Moto umazilala pakati pa 2 ndi 4 koloko usiku, nthawi yomwe kumazizira kwambiri. Amene sangathe kudzuka nthawi imeneyo kwa masabata atatu, makamaka ku Dedza, Mzuzu kapena Thyolo chiperoni chikamawomba, asayambe ndi makala.

Babu ndi laukhondo ndipo silifuna kusonkhezera, koma likhale lotenthadi: lakale la mawati 100, kapena lofiira la mawati 250 lopachikidwa masentimita 45 kuchokera pansi, ndi waya osati chingwe cha magetsi chokha. Mababu a LED amawala koma satentha, ndipo anapiye ambiri afa pansi pa babu lowala bwinobwino. Magetsi akathima, mphika wa makala ukhale wokonzeka, kapena mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsanza.

Chachitatu ndi bokosi lopanda moto, limene linayesedwa kwambiri ku Jimma m'dziko la Ethiopia. Ndi bokosi la masentimita pafupifupi 30 mbali zonse pa anapiye 10, m'mbali mwake mopakiramo udzu wouma, pamwamba pa chiguduli, ndi tizibowo ta mpweya. Anapiye amafunditsana okha, masana n'kutuluka kukadya m'kabwalo ka waya padzuwa. Ku Nsanje, Chikwawa kapena Salima limagwira bwino ntchito. Kumapiri nthawi yachisanu musalidalire palokha.

Anapiye akangofika, muyambe ndi madzi, okhala ndi shuga masupuni aakulu atatu pa lita imodzi, tsiku loyamba lokha. Viikani mlomo wa aliyense. M'mbale yomwera ikani timiyala kuti asamire kapena kunyowa. Pakatha tsiku limodzi gwirani pa chithokomiro cha anapiye 10: pafupifupi onse akhale okhuta ndi chofewa. Cholimba ndiye kuti sakumwa, chopanda kanthu ndiye kuti sanapeze chakudya. Muziona kumbuyo kwawo tsiku ndi tsiku. Zitosi zikauma n'kutseka, nyowetsani ndi madzi ofunda muchotse mosakoka.

Anapiye olera chonchi amakula mofanana ndipo thadzi lanu likupitiriza kuikira. Koma sadziwa mphamba, sadziwa kupalasa, ndipo kwa nkhuku za m'khola ndi alendo enieni.

Kugula a masabata 6

Nkhuku zakuda za Black Australorp zinayamba kufalitsidwa m'midzi m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, komwe zinatengera dzina, ndipo kenako malo ena oswetsera anali ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu. Zinkagulitsidwa zili ndi masabata 6 pa chifukwa chomveka: pa msinkhu umenewo nthenga zakwana, moto sukufunikanso, ndipo nyengo yoopsa yadutsa. Lero alimi ambiri amalera Kuroiler ndi mitundu ina n'kumagulitsa pa msinkhu womwewo. Mtengo ndi wokwera pa nkhuku imodzi, koma mukawerengera makala, chakudya, katemera ndi anapiye amene akanafa, kusiyana kwake kumachepa.

Choopsa ndi chimene zabwera nacho m'thupi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nkhuku yotenga chitopa imaoneka yathanzi kwa masiku 5 kapena 6, nthawi zina mpaka masabata awiri, isanavale jekete. Ya pamsika, imene yakhala m'dengu limodzi ndi nkhuku za m'midzi yosiyanasiyana, ndiyo yoopsa kwambiri, makamaka kuyambira August mpaka November pamene chitopa chimasesa. Gulani kwa mlimi amene mungaone khola lake ndipo angakuuzeni masiku amene anatemera. Iliyonse muigwire: maso owala, mphuno zouma, chidali chokhala ndi mnofu, kumbuyo koyera, pansi pa mapiko popanda nsabwe. Zikafika, zikhale pazokha masabata awiri, anayi ndiye bwino koposa, kutali ndi khola, ndi ziwiya zakezake. Muziyamba kudyetsa nkhuku zakale n'kumalizira zatsopano, kenako n'kusamba m'manja.

Chakudya ndi katemera sizisankha njira

Madeya okha sakulitsa mwanapiye. Masabata 8 oyamba amafuna chick mash, chakudya chogula cha anapiye, pafupifupi makilogalamu awiri aliyense pa nthawi yonseyo, kenako growers mash, cha nkhuku zosinkhuka, mpaka atayandikira kuikira pa masabata 18 mpaka 20. Chosakaniza nokha pa makilogalamu 10: chimanga chogaya 6, madeya 1, soya wokazinga 2, usipa kapena bonya wosinja 1, ndi mchere masupuni aakulu awiri ngati nsombazo si zamchere. Soya akazingidwe mpaka achite bulauni, pakuti wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika ndipo anapiye amapinimbira. Chimanga chochita chuku musawapatse. Chiswe ndi masamba odula bwino ndi zowonjezera zabwino. Layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira, asadye: muli laimu wambiri wopangira zikamba za mazira, amene amawononga impso za nkhuku zosayamba kuikira.

Katemera wa chitopa wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso kwa nkhuku ya msinkhu uliwonse, kubwereza miyezi inayi iliyonse. Chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena awiri, choncho temerani zakale ndi zatsopano masabata awiri musanazisakanize. Yodwala kale siitemeredwa. Anapiye ogula amafunanso katemera wa matenda a gumboro cha pa masiku 14 ndi 21. Ngati ndi wothira m'madzi akumwa, madziwo asakhale a klorini, amapha katemera. Pakati pa masabata 3 ndi 6 yang'anirani zitosi zamagazi ndi anapiye ofutukuka nthenga. Matendawa amayambira pa mankhusu onyowa pafupi ndi chomwera. Chotsani ponyowa, funsani alangizi a ziweto za mankhwala a amprolium.

Ndiye iti?

Pakhomo pa nkhuku zosakwana 20, thadzi lotsekeredwa ndi ana silipikisika, ndipo ndalama yomwe mukanagulira makala igule chick mash. Wofuna mtundu watsopano pang'ono abisire thadzi. Wofuna misoti 30 kapena 50 yodzayamba kuikira pamodzi alere yekha, ngati ali ndi ndalama ya chakudya cha miyezi isanu ndi tulo topereka. Woyamba kumene, kapena wochoka pakhomo m'mawa n'kubwera usiku, agule a masabata 6, bola akhale ndi malo owapatulira.

Kuwalowetsa m'khola

Nkhuku zili ndi ukulu wake: iliyonse imadziwa yoijompha ndi yoithawa. Mlendo amasokoneza ndondomekoyo, ndipo imakonzedwanso ndi milomo. Kujomphana pang'ono sikungapeweke. Chimene mukupewa ndi magazi ndi njala.

Msinkhu ndiwo woyamba. Pamene nkhuku zimayenda momasuka ndipo pothawira ndi pambiri, masabata 8 mpaka 10 akwana. M'khola lotsekera dikirani masabata 14 mpaka 16, pamene misoti yayandikira msinkhu wa mathadzi ndipo yasiya kulira kwa anapiye. Musalowetse imodzi yokha. Zitatu kapena kuposerapo zimagawana milomo.

Kungowaponya m'khola masana ndiyo njira yoipitsitsa. Mathadzi amawathamangitsira pa ngodya n'kuwaboola mitu. Kuwakhazika pa mtanda wogonapo usiku kuli bwinoko, chifukwa nkhuku siziona mumdima ndipo zimadzuka zili kale pamodzi, koma nkhondo imangosunthira m'mawa, moti muyenera kutsegula khola kusanayere. Njira imene timaikhulupirira ndi ya waya. Dulani mbali ina ya khola kapena bwalo ndi waya, atsopano akhale mbali imodzi ndi chakudya ndi madzi awo kwa masiku 7 mpaka 14, akuonana ndi akale koma osakhudzana. Mwazani chimanga m'mbali zonse ziwiri za wayayo kuti azolowere kudyera pafupi. Mathadzi akasiya kuyendayenda m'mphepete mwa waya makosi atafutukula, tsegulani kwa ola limodzi chakumadzulo, inu muli pomwepo, mawa lake maola awiri, mpaka tsiku lonse.

Ngati ang'onowo akadali aang'ono ndithu, boolani wayayo tizikhomo tiwiri ta masentimita 7 mpaka 8 m'lifupi, toti iwo n'kudutsa koma thadzi ayi. Amatuluka akafuna, n'kuthawira kwawo zikavuta, ndipo chakudya chawo sichidyedwa ndi akuluakulu. Tizikhomoto tikhale tiwiri chifukwa thadzi laukali limaphunzira kudikirira pa kamodzi.

Mukasakaniza, ikani zodyera ndi zomwera ziwiri kapena zitatu motalikirana, mwakuti thadzi loima pa china silingaone chinzake. Tsamiritsani lata, mkeka wakale kapena nthambi pa khoma kuti pakhale pobisala potseguka mbali zonse ziwiri. Pa mtanda wogonapo nkhuku iliyonse ipeze masentimita 20 mpaka 25, ndipo ang'ono apatseni mtanda wawo wotsikirapo. Pa chakudya, onse adye growers mash, ndipo zikamba za mazira zowamba n'kusinja kapena laimu wa nkhuku zikhale m'mbale yapadera. Oikira amatola okha, ang'ono salabadira. Madzulo gwirani zithokomiro za atsopanowo. Ikagona chopanda kanthu masiku awiri otsatizana, ikutsekerezedwa ku chakudya ngakhale simunaone ndewu.

Nkhuku ikatuluka magazi ichotseni nthawi yomweyo, pakuti kufiira kumaitana milomo ya khola lonse. Tsukani balalo ndi madzi a mchere pang'ono, pakani mankhwala a mabala a GV, ndipo ibwerere litauma, pamodzi ndi inzake. Ngati woyambitsa ndi thadzi limodzi, chotsani ilolo kwa masiku 3 mpaka 5. Likabwerera limatanganidwa ndi kupezanso malo ake. Atambala ang'ono apatuleni akangoyamba kuyesa kulira, chifukwa tambala mmodzi akwanira mathadzi 10 ndipo wamkuluyo sadzawalola.

Masiku oyamba misoti imakana kulowa m'khola madzulo. Mumaipeza itaunjikana pakhomo pa malo ake akale kapena itakwera mumtengo wa mango, komwe vumbwe amaipeza mosavuta. Tsekani malo akalewo, dikirani chisisira, inyamuleni imodziimodzi n'kuikhazika pa mtanda wake, ndipo muiwerenge musanatseke chitseko. Mukatero madzulo atatu kapena anayi otsatizana, imayamba kulowa yokha, kawirikawiri pomalizira, mathadzi atakwera kale.